Masiku Atatu Pakati pa Mchinji ndi Chipata

M'magolosale a pa Mchinji boma, sopo, mabisiketi ndi zakumwa za ku Zambia zimakhala pashelefu imodzi ndi shuga wa ku Dwangwa, ndipo palibe amene amadabwa nazo. M'midzi ya kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni wailesi imagwira Mudzi Wathu ya ku Mchinji, ikapotozedwa pang'ono imagwira Breeze FM ya ku Chipata. Foni nayo imasokonezeka mutu: mwini wake ali pakhonde pake ku Malawi, uthenga n'kulowa womulandira ku Zambia. Maliro akagwa tsidya ilo, abale a tsidya lino amangopalasa njinga kukagona pasiwa. Kwa anthu amenewa Chipata ndi tauni yapafupi chabe, yapafupi kuposa Lilongwe.

Munthu wochokera ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe komweko angathe kuliyendera derali m'masiku awiri kapena atatu, kunyamuka Lachisanu n'kubwerako Lamulungu, thumba lisanabooke. M'masiku ochepawo amakhala atapondako dziko lina, atalawa zachilendo pang'ono, ndiponso atamva mbiri imene kusukulu imangodutsidwa pamwamba. Matauni awiriwa anabadwa m'nkhondo imodzi, ndipo anthu ake amadya ndi kumwa zinthu zofanana zimene amangozitchula mayina osiyana.

Msewu, chipata ndi makwacha awiri

Kuchokera ku Lilongwe, msewu wa M12 umalowera kumadzulo kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka pa Mchinji boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Minibasi imatenga maola awiri, kapena kupitirirapo ngati kondakitala akuimitsa galimoto paliponse pamene waona munthu wanyamula chikwama. Kuchoka pa boma kukafika pamalire ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo matakisi ndi akabaza amadikirira anthu tsiku lonse. Tsidya la Zambia malowo amatchedwa Mwami. Kuchoka apo kukalowa m'tauni ya Chipata ndi ulendo wa theka la ola.

Kale woyenda ankaima kawiri, kudinditsa ku Malawi, kuyenda ndithu, n'kukafolanso ku Zambia. Mu Disembala 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chogwirira ntchito pamodzi. Tsopano munthu amaima kamodzi, m'nyumba imodzi, momwe ofesala wa dziko lina amadinda kuti watuluka ndipo wa dziko linalo amadinda kuti walowa. Mmalawi safunika viza. Pasipoti ndi yokwanira, ndipo okhala m'malire amatha kutenga chiphaso cha masiku ochepa chimene amachitchula kuti boda pasi.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi ndalama, chifukwa mayiko onse awiri amati kwacha. Zambia inayamba kugwiritsa ntchito dzinali mu 1968, Malawi mu 1971, ndipo konseko linachokera ku mfuu ya omenyera ufulu. Timakobiri ta kuno ndi tambala, ta uko ndi ngwee. Mu 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama zake, kotero mtengo umene umamveka ngati wa switi ukhoza kukhala wa mbale yathunthu ya nsima. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu ndi achangu pa masamu kuposa mlendo aliyense, choncho wanzeru amawerenga kawiri asanapereke zake, kapena amangolowa kubanki.

Njanji iliponso. Inafika ku Mchinji mu 1980 ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010 kuti katundu azitsikira kudoko la Nacala ku Mozambique. Wa ulendo wa masiku atatu asaidalire.

Malinga awiri

Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Mawu akuti Fort amatanthauza linga la asilikali, ndipo malinga awiriwa anamangidwa chifukwa cha anthu amodzi, Angoni a Mpezeni.

Angoniwa anachokera kummwera kwenikweni kwa Africa. Mtsogoleri wawo Zwangendaba Jere anathawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka, ndipo mu Novembala 1835 anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Tsikulo limadziwika bwino chifukwa kunachita kadamsana, ndipo akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera chobwerera tsiku limene dzuwa linada. Gululo linayenda mpaka kudziko la Afipa, m'Tanzania wa lero, komwe Zwangendaba anamwalirira cha m'ma 1848. Ana ake analimbirana ufumu ndipo mtundu unagawikana. A M'mbelwa anakakhazikika ku Mzimba. A Mpezeni anazungulira kumadzulo, kulimbana ndi Abemba, kenako n'kutsikira m'dziko la Ansenga ndi la Achewa a Mkanda cha m'ma 1870. Angoni a Gomani a ku Ntcheu, a Maseko, ndi gulu lina limene linayenda njira yakeyake.

Ufumu wa Mpezeni unali wa ng'ombe zambiri ndi ankhondo ambiri, ndipo unkakula potenga anthu a mitundu yogonjetsedwa. Amuna achingoni anakwatira akazi achinsenga, ana n'kuyamwa chilankhulo cha amayi awo. N'chifukwa chake lero Mngoni wa kwa Mpezeni amalankhula Chinsenga kapena Chichewa, ndipo Chingoni chenicheni chinatsalira m'nyimbo za ingoma, m'ziwongo ndi m'mawu otamandira mafumu.

Tsoka linabwera ndi mphekesera ya golide. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anapalana ubwenzi ndi Mpezeni n'kunena kuti wapatsidwa chilolezo chokumba miyala m'dziko lonselo. Chilolezocho chinagulitsidwa ku kampani ya ku London yotchedwa North Charterland Exploration Company, ndipo azungu ake anayamba kufika ndi zida zofufuzira. Mpezeni, amene anali atakalamba, ankafuna kuwanyengerera. Mwana wake Nsingo ndi achinyamata a m'magulu ankhondo anaona kuti dziko likupita. Mu Januwale 1898 asilikali anabwera kuchokera ku Nyasaland atanyamula mfuti za Maxim, zolavula zipolopolo mosalekeza, pamodzi ndi mizinga ing'onoing'ono. Nthungo ndi zishango sizinapirire milungu yambiri. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anagwidwa n'kuomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni anadzipereka, anasungidwa ku Fort Manning kwa chaka chimodzi, ndipo anamwalira mu 1900. Golide amene anthu anafera uja sanapezeke wochuluka moti n'kulemeretsa aliyense.

Linga la kuno linapatsidwa dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. La uko linapatsidwa dzina la Leander Starr Jameson, dokotala wa ku Scotland, dzanja lamanja la Cecil Rhodes. Mayina onse awiri anafafanizidwa mayikowa atalandira ufulu mu 1964.

Malire enieniwo amatsata msana wa mtunda. Mvula yogwa kummawa kwa msanawo imatsikira mu Bua n'kukathira m'nyanja ya Malawi, yogwa kumadzulo imapita ku Luangwa. Ojambula mapu anaona kuti mzere wotere ndi wosavuta kuulemba, koma unadula pakati dziko la Mpezeni ndi la Achewa. Mafumu Zulu ndi Mlonyeni anatsalira ku Nyasaland pamene mutu wa ufumu wawo unali ku Northern Rhodesia. Madzi aja, ataonedwa ngati asiyana njira, amakakumananso mu Zambezi, ena atadzera mu Shire.

Kachebere

Tsiku loyamba limakwanira kuona za tsidya lino, ndipo malo oyenera kutherako masana ndi Kachebere, patsinde pa phiri m'malire mwenimweni. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni pamenepa mu 1903, patangopita chaka atayamba ntchito ku Mua. Mu 1939 malowa anasanduka seminale yaikulu yophunzitsa ansembe a Nyasaland ndi Northern Rhodesia pamodzi. Anyamata a mayiko awiri ankadya nsima imodzi, kuphunzira Chilatini m'kalasi imodzi, n'kubwerera kukatumikira mbali ziwiri za mzere uja. Mmodzi mwa odziwika amene anaphunzira pamenepa ndi Emmanuel Milingo, wobadwira kufupi ndi Chipata, amene anakhala arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983. Nyumba zazitali za njerwa zootcha, makonde ake aatali ndi phiri lamiyala kumbuyo kwake zimachititsa malowa kuoneka ngati achotsedwa kudziko lina. Ndi sukulu, si malo achisangalalo, choncho mlendo amayamba wapempha chilolezo pachipata.

Mishoni zina za m'bomali, Guilleme ndi Ludzi, zinabwera pambuyo ndi zipatala ndi sukulu zake. Guilleme ndi dzina la episkopi wachifalansa, Mathurin Guillemé.

Tauni ya m'chimpata

Chipata ili m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo dzina lake linachokera ku mawu akuti chimpata, mpata waukulu. Wokwera phiri la Kanjala m'mawa amaiona yonse ili ndandanda pansi pake. Mpaka 1911 linali likulu la dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia. Chaka chimenecho dzikolo linaphatikizidwa ndi lakumadzulo kupanga Northern Rhodesia, ndipo likulu linakhala Livingstone. Fort Jameson inatsala tauni ya alimi a fodya achizungu ndi amalonda achimwenye ochokera ku Gujarat. Zidzukulu za amalondawo zilipobe m'dera la masitolo lotchedwa Down Shops, ndipo mizikiti yawo ndi imene imayamba kuonekera munthu akamalowa m'tauni. Samusa wa ku Chipata ali ndi mbiri yaitali chomwecho.

Lusaka ili pamtunda wa makilomita oposa 550, kotero likulu la Malawi lili pafupi ndi Chipata kuposa likulu la dziko lake lomwe. Mu 2017 tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda. Alendo akunja amangoidutsa popita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, ndipo amaphonya msika wa Kapata, umene ndi mtima wa tauniyi. Njinga ndi zosawerengeka. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkalumikiza njinga za Eagle, ndipo mpaka lero makala, nkhumba, matumba a chimanga ndi agogo opita kuchipatala zimayenda pakaliyala.

Chilankhulo sichivuta. Chinyanja cha ku Chipata ndi Chichewa chomwechi, chothiridwa Chinsenga, Chibemba pang'ono ndi Chingerezi. Pazikwangwani mlendo amaona kuti chilembo cha h chasowa: amalemba cabwino, cakudya, Cinyanja, koma katchulidwe n'komweko.

Mtedza, nshawa ndi ndiwo zotendera

Ngati pali mbewu imene imamanga pamodzi Mchinji ndi Chipata, ndi mtedza, umene tsidya ilo amati nshawa. Dothi la mchenga wosakanikirana ndi katondo limaukonda. Mtundu wakale wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, ndi umene unatchukitsa dera lonseli, ndipo pambuyo pake kunabwera CG7 wofiira, wobereka kwambiri ndi wamafuta ambiri. Alimi a m'bungwe la MASFA ku Mchinji, lomwe ndi nthambi ya NASFAM, anafika potumiza mtedza wawo m'masitolo a ku Britain. Mdani wamkulu wa malondawa ndi chuku. Mtedza ukaumitsidwa pansi ponyowa, kapena ukawazidwa madzi kuti usavute kuswa, umamera nkhungu imene imasiya poizoni wosaoneka ndi maso, wowononga chiwindi ndi wopinimbiritsa ana. Ogula akunja amauyeza ndi makina, ndipo akaupeza amabweza thumba lonse.

M'khitchini mtedza umasanduka nsinjiro. Mayi amasinja mtedza wouma mumtondo mopepuka, kuti mafuta asatuluke, n'kusefa. Nkhwani kapena mpiru ukawira ndi tomato ndi mchere, nsinjiro zimathiridwa pamwamba, mphika n'kuvundikiridwa kanthawi osatakasa, kenako n'kuvundula mpaka msuzi utalimba ndi kuyera. Ndiwo zotendera zimenezi Abemba amati ifisashi, ndipo m'malesitilanti a ku Chipata dzinali limamveka kawirikawiri. Mbatata ya kholowa yophika ndi nsinjiro ndi futali. Mtedza wokazinga ukasinjidwa mpaka kuchita phala lamafuta ndi chiponde.

Nsima ndi imodzimodzi, koma ufa wa m'sitolo uli ndi mayina ake: bulekifasi ndi woyera wosalala, rola ndi wokhakhala woyandikira mgaiwa. Chachilendo kwenikweni pamsika wa Kapata ndi chikanda, chimene kumpoto kwa Malawi amati chinaka. Amachipanga ndi timizu ta maluwa a m'madambo, tosinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro, soda ndi tsabola mpaka kulimba ngati nyama yoduladula. Timizuto tikusowa chifukwa chokumbidwa mopitirira muyeso, ndipo tambiri timachokera kutali, ku Tanzania ndi kumapiri a kumpoto.

Mbatata yotchedwa airishi

Madzulo pa Mchinji boma kapena pa Kamwendo, utsi umatsogolera mlendo kuchiwaya. Chiwaya ndi chitsulo chachikulu chokhala ndi dzenje pakati, chokhazikidwa pang'anjo ya njerwa. Mnyamata mmodzi amasenda mbatata n'kumaponya m'beseni la madzi, wina amazilenga. Zolengazo zimalowa m'dzenje momwe mafuta akuwira, ndipo zikafiira wokazinga amazikankhira m'mbali ndi chipande chobooka kuti mafuta abwerere pakati. Wogula amangotchula ndalama zake, wokazinga n'kumupatulira kamulu kake pachiwaya pomwepo. Pamwamba amawaza mchere, kabichi wodula mopyapyala, tomato ndi tsabola wa kambuzi. Amene ali ndi kangachepe amaonjezera nthuli ya mbuzi kapena dzira. Anthu osadziwana amadyera pachitsulo chimodzi ataimirira, ndipo nkhani ya mpira kapena ya mtengo wa feteleza imayamba yokha.

Mbatata imeneyi ena amati kachewere, ena mbatatesi, ena airishi. Dzina lomalizali limaloza ku Ireland, chilumba cha kumadzulo kwa Britain, ngakhale mbewuyi kwawo ndi kumapiri a Andes ku Peru ndi Bolivia. Asipanishi ndi amene anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Ku Ireland inagwirizana ndi nyengo yozizira ndi yamvula, ndipo alimi osauka, amene minda yabwino inali m'manja mwa eni malo olemera, anapeza kuti kamunda kakang'ono ka mbatata kamadyetsa banja chaka chonse. Anthu mamiliyoni anafika podalira mbewu imodzi yokhayi, m'mawa, masana ndi madzulo.

Mu 1845 kunagwa chiwawu. Masamba ankada, mbatata n'kuolera m'nthaka kapena m'nkhokwe. Matendawa anabwereza zaka zotsatizana, ndipo njala inapitirira mpaka cha m'ma 1852. Pa anthu oposa 8 miliyoni, pafupifupi 1 miliyoni anafa ndipo enanso oposa 1 miliyoni anathawira ku America ndi kwina. M'zaka zomwezo zombo zinkanyamulabe tirigu ndi ng'ombe kuchoka ku Ireland kupita ku Britain, amene ankalamulira chilumbacho. Mmalawi wokumbuka njala ya 1949 kapena ya 2002 sasowa womufotokozera mmene dziko lodalira mbewu imodzi limagwera. Chiwawu chomwecho n'chimene alimi a mbatata a ku Mchinji, Dedza ndi Ntcheu amalimbana nacho popopera mankhwala nthawi ya dzinja. Ireland inatsegula ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe mu 2007, ndipo zina mwa ntchito zimene yathandiza ndi zopezera alimi mbewu yabwino ya mbatata, ya kachewere ndi ya kholowa yofiira mkati.

Mbewa ndi chisuweni

Anthu akakolola, kuyambira cha mu Meyi, anyamata amaima m'mbali mwa msewu atanyamula mipani ya mbewa. Amazikumba kuuna kapena kuzitchera m'minda, kuzitumbula, kuziwiritsa ndi mchere n'kuziwamba pamoto mpaka kuuma. Kapuku, wonona uja, ndi amene amakondedwa koposa. Ku Zambia mbewa ndi chizindikiro cha anthu a kummawa, ndipo Abemba amawaseka nazo poyera. A kummawa nawo amabweza kuti Abemba amadya anyani. Mlendo akamva anthu akuluakulu akunyozana chotere m'basi asaganize kuti ndeu yayandikira. Ndi chisuweni, chimene uko amati chimbuya, ndipo chinabadwa pa nkhondo zija za Angoni ndi Abemba zimene palibe anagonjetsa mnzake kotheratu. Pamaliro a Mngoni, Mbemba ndi amene amaloledwa kuchita nthabwala ndi kupaka anamfedwa ufa kumaso.

Thobwa, masese ndi kachasu

Zakumwa zitatuzi zimayambira pa chinthu chimodzi, chimera. Mawere, mapira kapena chimanga zimaviikidwa m'madzi, kufunditsidwa masiku angapo mpaka zitamera, kuyanikidwa, n'kusinjidwa. Njere ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, kuti kamera kapeze chakudya. Wofulula amabwereka mphamvu imeneyo. Amaphika phala la ufa wa chimanga, kulisiya kuti lizizire pang'ono, n'kuthiramo chimera. Akathira phala likadali lotentha kwambiri mphamvu ija imafa, akachedwa siigwira bwino, ndipo mayi wodziwa amayeza ndi chala. Phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda shuga wa m'sitolo. M'mawa mwake amaliwiritsanso, ndipo limenelo ndi thobwa, chakumwa cha paukwati, pachinkhoswe, kumunda ndi kutchalitchi.

Thobwa likasiyidwa masiku ena n'kuonjezeredwa chimera, tizamoyo tosaoneka timadya shuga uja n'kutulutsa ukali ndi thovu. Mbiya imayamba kulira. Akasefa ndi khuntho, umenewo ndi mowa wa masese, womwera m'chipanda chimodzi choyenda dzanja ndi dzanja, ndipo mwini mowa amayamba walawa yekha kuti anthu amwe mtima uli m'malo. Mowa wotere sukhalitsa, patapita masiku awiri kapena atatu umasasa. Kale unali malipiro a dima ndi nsembe ya mizimu.

Kachasu ndi wotcheza. Madeya, shuga ndi madzi zimasasitsidwa pafupifupi mlungu, kenako zimaikidwa pamoto mumphika womatidwa bwino. Ukali umasanduka nthunzi msanga kuposa madzi, ndipo nthunziyo imadutsa mumpaipi womizidwa m'madzi ozizira n'kudontha m'botolo. Botolo loyamba, limene amati mutu, ndi laukali koposa. Dzina la kachasu linachokera ku mawu achipwitikizi akuti cachaça, ndipo lusoli linakwera ndi amalonda a m'chigwa cha Zambezi. Palibe amene amayeza ukali wake, ndipo ena amathiramo zosayenera kuti aledzeretse msanga. Ameneyu mlendo angomuonera patali.

Ku Chipata kumapezekanso munkoyo, wobwera ndi anthu a zigawo zina za Zambia. M'malo mwa chimera amagwiritsa ntchito mizu ya chitsamba cha dzina lomwelo, yosinjidwa n'kuviikidwa m'phala lofunda. Mizuyo imagwira ntchito ya chimera, ndipo chakumwacho chimatuluka chachikasu pang'ono, chowawasira mokoma.

Za m'mapaketi ndi m'mabotolo

Chibuku, chimene Amalawi ambiri amachiyesa chawo, chinayambira ku migodi ya ku Zambia m'zaka za m'ma 1950. Mzungu wina, Max Heinrich, anayamba kufulula masese mufakitale, ndipo ankalemba kafululidwe kake ndi ndemanga za omwa m'buku. Dzina linachokera pa bukulo. M'mabala a ku Chipata mowa wa m'botolo wotchuka ndi Mosi, wotengera dzina la mathithi a Mosi-oa-Tunya. Tsidya lino ndi Carlsberg, amene fakitale yake ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 inagulidwa ndi Castel ya ku France. Mayiko onse awiri analimbana ndi mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki umene unkafika ngakhale m'matumba a ana asukulu. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi inatsatira ndi masacheti patapita zaka zochepa.

Pashelefu yapamwamba m'bala la hotela pamakhala botolo lobiriwira lolembedwa Jameson. Ameneyu si dokotala wa linga uja. Ndi wisiki wa ku Ireland, wa kampani imene John Jameson anaiyendetsa ku Dublin, ndipo chaka cha 1780 chimalembedwa pabotolo pomwepo. Kapangidwe kake n'kachibale ndi ka kachasu: chimera cha balere, kusasitsa, kutcheza, kenako kusunga m'migolo yamatabwa kwa zaka zosachepera zitatu.

Nc'wala, Kulamba ndi nyengo zoyendera

Amene akufuna kuona mbiri, chakudya ndi chakumwa zili pabwalo limodzi apite Loweruka lomaliza la Febuluwale. Tsiku limenelo Angoni amachita Nc'wala pa Mtenguleni, kumadzulo kwa Chipata pamsewu wa ku Lusaka. Ndi mwambo wa zipatso zoyamba: mwamwambo munthu sankadya chimanga chachiwisi, maungu kapena misinde ya chaka chatsopano mfumu isanalawe. Unazilala pambuyo pa nkhondo ya 1898 ndipo unatsitsimutsidwa mu 1980. Masiku angapo mwambo usanafike, Inkosi ya Makosi Mpezeni wa masiku ano amachoka kunyumba yake yachifumu ya Ephendukeni kupita ku Laweni. Patsikulo magulu a ingoma, kuphatikizapo ochokera ku Mchinji, amalowa m'bwalo atavala zikopa ndi nthenga, zishango ndi zibonga zili m'manja. Ng'oma palibe. Nthaka imanjenjemera ndi mapazi okha, amayi akuomba m'manja ndi kuimba. Ng'ombe yamphongo yakuda imabayidwa ndi nthungo, magazi ake amaperekedwa kwa mfumu kuti imwe, ndipo nyama imaotchedwa pomwepo. M'misasa yozungulira bwalo mumakhala masese, thobwa, nyama yootcha ndi chimanga chachiwisi chimene tsopano chaloledwa.

Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi la Achewa. Mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, pafupi ndi Katete, kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Aliyense amapereka mphatso ndi kufotokoza mmene anthu ake akukhalira, kenako gule wa kwawo amalowa m'bwalo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, amaoneka pamenepa m'mitundu yambiri kuposa mmene munthu angaonere m'mudzi umodzi moyo wake wonse. Katete ili patsogolo pa Chipata, ulendo woposa ola limodzi pagalimoto, ndipo m'masiku a miyambo iwiriyi malo ogona amadzaza msanga, mitengo n'kukwera, pamalire n'kuchita mzere wautali wa mabasi.

Kunja kwa masiku amenewa, nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Misewu yafumbi yopita ku Kachebere ndi kumidzi imakhala youma, mtedza watsopano uli mbwee pamsika, mbewa zili pamsewu, ndipo chimera sichisowa chifukwa nkhokwe n'zodzaza. Juni ndi Julayi kumazizira ndithu m'mawa ndi usiku, makamaka kufupi ndi mapiri, choncho juzi isatsale. Okutobala ndi wotentha ndi wafumbi, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala pamsika pamabwera bowa, ngumbi zimene uko amati inswa, ndi mango.